Usiku umene ndinapha Windows ndi Linux ndi dzanja langa, ndi mmene ndinazidzutsira

Laputopu yanga ili ndi SSD imodzi ya 512 GB, ndipo m'menemo ndinaikamo Windows 10 ndi Ubuntu. Kwa nthawi yaitali zinthu zinkayenda bwinobwino. Ndikadina batani loyatsira, pankabwera kamenyu kakuda ka GRUB, ine n'kusankha kolowa: Ubuntu pa ntchito za tsiku ndi tsiku, Windows pa mapulogalamu awiri atatu amene sagwira kwina. Kamenyuko sindinkakaganizira n'komwe, ngati mmene munthu saganizira za chitseko mpaka tsiku limene chakana kutseguka.

Windows itayamba kulemera, ndinaganiza zoichotsa n'kuikamo yatsopano. Ndinasamala ndithu. Pamalo posankha poika, ndinafomata partition (chigawo cha disiki) ya Windows yokha, zina zonse osazikhudza. Ntchito itatha, kompyuta inazima, n'kuyakanso, n'kulowa mu Windows molunjika. Kamenyu kaja kulibe. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, zomwezo. Mu File Explorer munkaoneka disiki C yokha. Nditatsegula Disk Management ndinaona partition yaikulu yopanda chilembo, yosalembedwa mtundu wake, ngati malo opanda kanthu. Mtima unangoti myuu, chifukwa ntchito yanga yonse inali m'menemo.

Ndineneretu chimene ndikanakonda wina atandiuza usiku umenewo: panalibe fayilo ngakhale imodzi imene inatayika. Windows siwerenga ext4, kalembedwe kamene Ubuntu imasungira mafayilo ake, n'chifukwa chake partition yake imaoneka ngati yachabe mukamaiona muli mu Windows. Ndipo vuto lonselo likanatha ndi batani limodzi. Pafupifupi kompyuta iliyonse ili ndi batani limene mukalidina ikangoyaka imakuonetsani mndandanda wa zimene ingayatsire. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri limakhala F12, pa HP F9, pa malaputopu a ASUS Esc. Chochititsa manyazi n'chakuti batanilo ndinalidina, pofuna kuyatsira pa fulashi, ndipo mawu akuti "ubuntu" analipo pa mzere wachiwiri. Ndinawaona ndi maso anga. Koma ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti GRUB yafufutidwa, moti ndinangoti ndi dzina lotsalira la chinthu chakufa, n'kulidumpha.

Chimene chinandisocheretsa ndi malangizo akale. Pa intaneti pali malangizo ambiri okonzera vutoli, ndipo ochuluka analembedwa nthawi imene makompyuta ankayaka mwa njira ina. Malangizowo si abodza, koma ndi a makina ena, ndipo olembawo nthawi zambiri satchula kuti akunena makina ati.

Pa makina akale, a BIOS, kompyuta ikayaka inkawerenga ma byte 512 oyambirira a disiki, amene amatchedwa MBR. Mwa amenewa, 446 ndi malo a kapulogalamu koyatsira, 64 ndi tebulo la ma partition anayi, ndipo awiri omaliza ndi chizindikiro chabe. Malo a kapulogalamuko ndi amodzi okha, ngati mpando umodzi. Amene waikidwa pomaliza ndi amene amakhalapo. Mukaika Windows pambuyo pa Linux, GRUB inkachotsedwadi pa mpandopo, ndipo kukonza kwake kunali kuibwezerapo. Apa ndi pamene panachokera mawu amene aliyense amabwereza akuti Windows imafufuta GRUB.

Makina a masiku ano, a UEFI, sachita zimenezo. Pa disiki pamakhala ka partition kakang'ono ka FAT32, kotchedwa EFI System Partition, kapena ESP mwachidule. Windows ikakapanga yokha nthawi zambiri kamakhala 100 MB. M'menemo aliyense ali ndi foda yake. Windows imasunga fayilo yake yoyatsira pa \EFI\Microsoft\Boot\bootmgfw.efi, Ubuntu imasunga shimx64.efi ndi grubx64.efi mu \EFI\ubuntu. Salimbirana mpando. Ndiye pa motherboard pali kachikumbumtima kakang'ono, NVRAM, kamene kamasunga mndandanda wa mayina, dzina lililonse likuloza ku fayilo ina mu ESP, komanso dongosolo la woyamba ndi wachiwiri. Kuyaka konse ndi unyolo wa mphete zitatu: mndandanda wa pa motherboard umaloza ku fayilo ya mu ESP, fayiloyo imaloza ku partition imene kuli system yeniyeniyo. Nditaika Windows yatsopano, chimene chinasintha ndi mphete yoyamba yokha. Dzina la Windows Boot Manager linakwera pamwamba, la ubuntu linatsikira pansi. Mafayilo onse anali m'malo mwake.

Zonsezi ndinazidziwa mawa lake. Usikuwo ndinali ndi fulashi ya Ubuntu m'manja ndi phuma mumtima.

Cholakwa choyamba chinali pa kusankha fulashiyo. Laputopu yanga inali itatsegulidwa njira zonse ziwiri, ya UEFI ndi yakale ija imene mu zokonzera imalembedwa Legacy kapena CSM. Zikakhala chonchi, fulashi imodzi imaoneka kawiri pa mndandanda: pena dzina lake lokha, pena dzina lomwelo lili ndi mawu akuti UEFI kutsogolo. Ine ndinasankha yoyamba kuiona, ya Legacy. Ubuntu ya pa fulashi inayaka bwinobwino, ndipo pa skirini panalibe chondichenjeza kuti ndalowera khomo lolakwika. Ndinalemba grub-install monga mmene malangizo ankanenera, ndipo inandiyankha kuti "this GPT partition label contains no BIOS Boot Partition; embedding won't be possible". Ndinayesa efibootmgr, chida choonera mndandanda wa pa motherboard uja, nayo n'kuti "EFI variables are not supported on this system". Mauthenga awiriwa ankanena chinthu chimodzi momveka bwino: disiki yako ndi ya GPT, ya makina a UEFI, koma iwe wayatsira mwa Legacy. Ine ndinamva zina. Ndinamva kuti china chake chawonongeka mu EFI.

Choncho ndinatsegula GParted, pulogalamu yosinthira ma partition, n'kupeza ka partition ka 100 MB kaja. Maganizo anga anali akuti Windows yaikamo zinyalala, ndikayeretse kuti GRUB ilowe pamalo oyera. Ndinakafomata. Sizinatenge ngakhale masekondi asanu. Nditayatsanso, skirini inali bii, pali mzere umodzi wonena kuti palibe chipangizo choyatsira. Poyamba ndinali ndi Windows yogwira ntchito ndi Linux yobisala. Tsopano ndinalibe chilichonse. Safunsa anadya phula, ndipo langa ndinalidya ndekha pakati pa usiku.

Ndinagona, ndipo ndi nzeru yokhayo imene ndinachita tsiku limenelo.

M'mawa ndinayamba ndi funso limene ndinayenera kuyamba nalo dzulo lake: makinawa akuyaka mwa njira iti? Mu Windows yogwira ntchito yankho limapezeka polemba msinfo32 n'kuyang'ana mzere wa BIOS Mode, pamalembedwa UEFI kapena Legacy. Mu Linux, kaya ya pa disiki kaya ya pa fulashi, mumalemba:

ls /sys/firmware/efi

Foda imeneyi ikakhalapo, mwayatsira mwa UEFI. Ikati kulibe, muli mu Legacy. Lamulo limodzili likanandipulumutsa ku zonse. Kuyambira tsikulo sindilemba china chilichonse pa fulashi yokonzera ndisanalembe limeneli. Ndinalowanso mu zokonzera za motherboard n'kutseka CSM, kuti fulashi isamaonekenso kawiri.

Ndinayamba ndi Windows, popeza ndi imene imakonda kudziika patsogolo, ndiye ndi bwino ichite zimenezo msanga Linux ibwere pambuyo. Mwamwayi fulashi imene ndinaikira Windows inali ikadalipo. Ndinayatsira pa iyo, ndipo pa skirini yoyamba yosankha chinenero ndinadina Shift ndi F10 pamodzi. Pamatseguka windo lakuda lolembamo malamulo. M'menemo ndinalemba diskpart, kenako list vol, ndipo panabwera mndandanda wa ma volume onse. Ya 100 MB ya FAT32 ija inali nambala 2 pa makina anga. Pa anu ikhoza kukhala ina, muziyang'ana kukula ndi mtundu, osati kutengera nambala yanga.

select vol 2
assign letter=S
exit

Apa pali kamsampha. Mukakhala pa fulashi, zilembo za ma disiki zimasokonekera, ndipo Windows yanu ikhoza kukhala pa D kapena E m'malo mwa C. Ndinalemba dir C:\Windows kuti nditsimikize. Kwa ine inali pa C pomwepo. Kenako lamulo lenileni:

bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI

Lamuloli limakopera mafayilo oyatsira kuchoka mu foda ya Windows kupita mu ESP, n'kumanganso BCD, nkhokwe imene Windows yakhala ikusungiramo zokhudza kuyaka kuyambira pa Windows Vista. Linayankha mzere umodzi woti mafayilo apangidwa. Ndinazula fulashi, n'kuyatsa, Windows n'kulowa ngati palibe chinachitika.

Malangizo ambiri amatchula bootrec /fixmbr ndi bootrec /fixboot. Pa makina a UEFI, loyambalo limalemba pamalo pamene kompyuta siyang'anapo n'komwe, ndipo lachiwirilo pa Windows 10 zatsopano limakonda kuyankha kuti "Access is denied", munthu n'kutaya ola lathunthu akufufuza chifukwa chake. Ndi bcdboot palibe zonsezo.

Mbali ya Linux ndi yotalikirapo, koma si yovuta mukamvetsa cholinga chake. Cholinga n'chakuti muyatsire pa fulashi, kenako mulowe m'kati mwa Ubuntu ya pa disiki ngati kuti ndi imene yayaka, ilembe yokha mafayilo ake oyatsira. Njira imeneyi imatchedwa chroot. Ulendo uno ndinayatsira fulashi mwa UEFI, ndinatsimikiza ndi lamulo lija, kenako ndinalemba lsblk -f kuti ndione mayina a ma partition. ESP inali nvme0n1p1, Ubuntu inali nvme0n1p5. Pa disiki za SATA mayina amakhala ngati sda1 ndi sda5.

sudo mount /dev/nvme0n1p5 /mnt

Ndisanapitirire ndinalemba ls /mnt/home, ndipo foda yanga inali pomwepo, mafayilo onse ali gwa. Ndinakhala kaye chete mphindi zingapo. Kenako, ndisanakhudze china, ndinakopera zofunika kwambiri pa disiki yakunja. Ngati pali chinthu chimodzi choti muchite mukafika pamenepa, n'chimenechi: mafayilo akangooneka, akopereni, kukonza kubwere pambuyo.

sudo mount /dev/nvme0n1p1 /mnt/boot/efi
for d in dev dev/pts proc sys run; do sudo mount --bind /$d /mnt/$d; done
sudo mount --bind /sys/firmware/efi/efivars /mnt/sys/firmware/efi/efivars
sudo chroot /mnt
grub-install /dev/nvme0n1
update-grub

Mzere wa efivars uja anthu ambiri amausiya, ndipo ukasiyidwa grub-install ikhoza kulemba mafayilo mu ESP koma n'kulephera kulemba dzina pa mndandanda wa pa motherboard. Mphete yachiwiri imakonzeka, yoyamba ayi. Onaninso kuti grub-install imapatsidwa disiki yonse, nvme0n1, osati partition. Malamulowa ndi a Ubuntu, Debian, Linux Mint ndi abale awo. Pa Fedora mayina ndi ena ndipo kakonzedwe kake pa UEFI n'kosiyana, choncho musawakopere kumeneko mwachimbulimbuli.

Ndinatuluka ndi exit, n'kuyatsanso. GRUB inabwera. Ndinasankha Ubuntu ndikumwetulira, koma inaima panjira. Pa skirini panali mzere wowerengera masekondi, ukudikira disiki inayake mpaka mphindi imodzi ndi theka, kenako inandiponya mu emergency mode, skirini yakuda yopanda zithunzi.

Uwu unali mlandu wa kufomata kuja ukunditsatirabe. Ubuntu ili ndi fayilo yotchedwa /etc/fstab, mmene mumalembedwa ma partition oti azilumikizidwa poyaka. Samalembedwa ndi mayina ngati nvme0n1p1, koma ndi nambala yapadera, UUID, imene imapangidwa pa nthawi yofomata. Nditafomata ESP, inapatsidwa nambala yatsopano, koma fstab inkafunabe yakale. Ubuntu inkadikira partition imene kulibenso. Ndinadina Enter kuti ndipeze polemba, ndinalemba blkid, n'kuona nambala yatsopano ya nvme0n1p1. Ya FAT32 ndi yaifupi, zilembo zinayi, kamzere, zinayi zina. Ndinatsegula fayiloyo ndi nano /etc/fstab, n'kusintha nambala pa mzere wa /boot/efi, n'kusunga. Ndikanadziwa, ndikanachita zimenezi ndili mu chroot muja. Nditayatsanso, Ubuntu inalowa mpaka m'kati.

Panatsala chimodzi: pa menyu ya GRUB panalibe Windows. Imene imafufuza ma system ena pa disiki ndi pulogalamu yotchedwa os-prober, ndipo kuyambira pa GRUB 2.06, imene inatuluka mu 2021, opanga GRUB anakonza zoti izibwera ili yotseka pa zifukwa za chitetezo. Mitundu ina ya Linux imaitsegulanso yokha, ina ayi. Komanso ikathamangitsidwa muli mu chroot nthawi zina sipeza kanthu. Ndinatsegula /etc/default/grub n'kuwonjezera mzere uwu:

GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false

Kenako sudo update-grub, ndipo pakati pa mizere imene inatuluka panali wonena kuti yapeza Windows Boot Manager pa nvme0n1p1. Fayilo ya /boot/grub/grub.cfg musamaisinthe pamanja. Imalembedwanso yonse nthawi iliyonse kernel (mtima wa Linux) yatsopano ikabwera, ndipo zimene mwalembamo zimapita. Zosintha zanu zizikhala mu /etc/default/grub.

Ndili m'fayilo yomweyo ndinakonzanso zimene zinkandinyansa kuyambira kale koma ndinkangozipirira. Windows ikamalandira zatsopano imazima n'kuyakanso kangapo, ndipo ulendo uliwonse GRUB inkailowetsa mu Ubuntu ngati sindili pafupi, ntchito n'kuima pakati. Mizere iwiri inathetsa zimenezi:

GRUB_DEFAULT=saved
GRUB_SAVEDEFAULT=true

Tsopano GRUB imakumbukira kumene ndinalowa komaliza n'kubwerera komweko. Mzere wa GRUB_TIMEOUT ndi masekondi amene menyu imadikira, ndipo ngati menyu siikuoneka n'komwe, yang'anani GRUB_TIMEOUT_STYLE, ikhale menu osati hidden.

Chida chimene ndachikonda kwambiri kuchokera pa nkhaniyi ndi efibootmgr, chomwe chija chinandikana usiku. Mukachilemba muli mu Linux yoyaka mwa UEFI chimakuonetsani mndandanda wa pa motherboard: mzere wa BootOrder, kenako mayina ngati Boot0000 Windows Boot Manager ndi Boot0003 ubuntu. Kusintha woyamba ndi lamulo limodzi:

sudo efibootmgr -o 0003,0000

Limeneli ndi limene linkafunika pa vuto langa loyamba lija, basi. Ndikanasankha ubuntu pa F12, n'kulemba mzere umenewu, nkhani ikanathera pomwepo. Zomwezo zimathekanso mu zokonzera za motherboard, pa tsamba la Boot, pongokweza dzina la ubuntu pamwamba. Pali makina ena ouma mutu amene amabwezera Windows pamwamba ulendo uliwonse. Pa oterowo anthu amagwiritsa ntchito bcdedit muli mu Windows, kuuza Windows Boot Manager kuti iziloza ku \EFI\ubuntu\shimx64.efi. Zimagwira, koma ine ndimaziona ngati njira yomaliza, chifukwa tsiku limene mudzachotse Linux mutaiwala zimene munachita mudzavutika kumvetsa chifukwa chake Windows siikuyaka.

Windows yatsopano ija inabweretsanso mavuto awiri amene ndinali nditawakonza kale pa yakale n'kuiwala.

Loyamba ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8 mu 2012. Mukadina Shut down, Windows sizima kwenikweni. Imasunga mbali ya zimene zili mu memory pa disiki kuti idzayake msanga, ndipo ma partition ake a NTFS amatsala ngati akugwiritsidwabe ntchito. Mukalowa mu Linux, partition imene mumagawana pakati pa awiriwa imatseguka mongowerenga, kapena imakana. Kukanako n'kukutetezani, chifukwa kulemba pa partition yotereyi kukhoza kuwononga mafayilo Windows ikadzadzuka. Musakakamize. Tsekani Fast Startup mu Control Panel pa Power Options, kapena mutsegule Command Prompt ngati administrator n'kulemba powercfg /h off, lomwe limatseka hibernation yonse pamodzi ndi Fast Startup. Pa SSD kusiyana kwa liwiro loyakira sindinakuone n'komwe.

Lachiwiri ndi wotchi. Ndikachoka mu Ubuntu kulowa mu Windows, nthawi inkakhala yolakwika ndi maola athunthu. Pa motherboard pali wotchi imodzi, koma awiriwa amaiwerenga mosiyana: Linux imaitenga ngati nthawi ya UTC, muyezo wa dziko lonse lapansi, n'kuwonjezera kusiyana kwa dera lanu, Windows imaitenga ngati nthawi ya dera lanu kale. Aliyense akalowa amaikonza mwa njira yake, mnzake n'kuipeza yasokonekera. Mmodzi ayenera kugonja. Mu Linux ndi timedatectl set-local-rtc 1. Mu Windows ndi kuwonjezera RealTimeIsUniversal mu registry, pansi pa TimeZoneInformation, n'kuipatsa 1. Ine ndinasankha yachiwiriyi, chifukwa timedatectl yomweyo imachenjeza kuti kusunga nthawi ya dera pa motherboard kumabweretsa mavuto m'madera amene mawotchi amasinthidwa ndi nyengo.

Pali chinthu china chimene ine chinandiphonya mwamwayi chabe, koma inu mwina sichikuphonyani: BitLocker, njira ya Windows yokhomera disiki ndi kiyi. Makompyuta ambiri atsopano, makamaka a Windows 11, imene inatuluka mu 2021 ndipo imafuna UEFI ndi TPM 2.0, amabwera disiki yawo ili yokhomedwa kale mwini wake osadziwa. Kiyi yake imasungidwa mu TPM, kachipangizo kachitetezo ka m'kompyutamo, ndipo TPM imaipereka pokhapokha ikaona kuti njira yoyakira sinasinthe. Mukatseka Secure Boot (chitetezo choletsa mafayilo oyatsira osasainidwa kugwira ntchito), mukasintha mafayilo a mu ESP, ngakhale kungoyatsa Windows kudzera mu GRUB pamene inazolowera kuyaka yokha, ikhoza kukufunsani kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Mukakhala mulibe, palibe lamulo lililonse limene lingakutsegulireni mafayilo. Uku ndiye kutaya kwenikweni, osati kuja ndinkakuopa ine. Musanakhudze chilichonse, lembani manage-bde -status mu Command Prompt muone ngati disiki ndi yokhomedwa. Ngati ndi choncho, pezani kiyiyo, kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, muilembe papepala, kenako muimitse kaye chitetezocho ndi manage-bde -protectors -disable C: musanayambe ntchito.

Za Secure Boot, ambiri amathamangira kuitseka akangoona vuto. Ubuntu, Fedora ndi Debian zimayaka bwinobwino ili yotsegula, ndipo ndiyo ntchito ya fayilo ya shimx64.efi ija: ndi yosainidwa ndi kiyi imene makina ambiri amaivomereza, ndipo iyo ndi imene imatsegulira GRUB. Nditatseka CSM ndinaitsegula, ndipo zonse ziwiri zikuyakabe. Lamulo la mokutil --sb-state limakuuzani ngati ili yotsegula kapena ayi.

Ena andifunsapo chifukwa chake sindinangogwiritsa ntchito Boot-Repair, pulogalamu ya batani limodzi imene imakonza zambiri mwa izi yokha. Ndi yabwino, ndipo lipoti limene imalemba lofotokoza mmene disiki ilili ndi lothandiza kwambiri mukamapempha thandizo kwa wina. Koma nayonso imafuna kuti fulashi muiyatsire mwa njira yoyenera, ndipo ikakonza simudziwa chimene chinali chitathyoka. Kwa munthu amene akufuna kompyuta igwire lero, palibe cholakwika. Ine ndinali nditawononga kale zinthu podina chimene sindinkachimvetsa, ndiye sindinafune kubwereza.

Tsiku lina mukadzafuna kuchotsa Linux, musayambe ndi kufufuta partition yake. Mukatero dzina la ubuntu limatsala pamwamba, fayilo ya GRUB imatsala mu ESP, koma kumene imaloza kulibe, ndipo mumakumana ndi skirini yakuda yolembedwa grub> ikukudikirani. Si imfa, nthawi zambiri kulemba exit kapena kudina F12 kumakufikitsani ku Windows. Koma dongosolo labwino n'kuyamba mwakweza Windows Boot Manager pamwamba, kutsimikiza kuti ikuyaka yokha, kenako kufufuta partition, pomaliza foda ya ubuntu ya mu ESP. Foda yokhayo, osati partition yonse. Ndikunena ngati munthu amene anayesapo njira inayo.

Masiku ano ndimasunga zinthu zitatu pa disiki yakunja, ndipo zonse pamodzi n'zochepa kuposa kavidiyo kamodzi: kope la foda yonse ya /boot/efi/EFI, zimene efibootmgr -v imatulutsa, ndi tebulo la ma partition limene ndimalitenga ndi sudo sfdisk -d /dev/nvme0n1. Mu kabati muli mafulashi awiri olembedwa ndi cholembera, ina Windows ina Ubuntu, amene sindiikamo china chilichonse ngakhale wina atapempha kubwereka. Kompyuta ikakana kuyaka simungapangirepo fulashi yokonzera, ndiye iyenera kukhalapo kale. Ndikanakhala ndi makina olowa disiki ziwiri, ndikanapatsa aliyense disiki yake ndi ESP yake, n'kuzula inayo pa nthawi yoika. Pa laputopu ya disiki imodzi mwayi umenewo palibe, awiriwa ayenera kugawana ka 100 MB komweko.

Patapita miyezi ingapo ndinaika firmware yatsopano ya motherboard, ndipo itayakanso inalowa mu Windows molunjika, menyu kulibe, ndendende ngati usiku uja. Ndinazimitsa, n'kudina F12. Dzina la ubuntu linali pa mzere wachiwiri. Ndinalisankha, n'kulemba efibootmgr kuti ndione manambala, amene ulendo uno anali atasintha kukhala 0001 ndi 0002, n'kuwasinthanitsa ndi -o. Ndinayatsanso kamodzi kuti nditsimikize, kamenyu kakuda kanabwera, ndipo ndinapitiriza ntchito imene ndinaisiya.